Msonkho, kobiri ndi kalembera: m'mene nambala zikuluzikulu zinafikira ku Phalombe

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'boma la Phalombe munali anthu 429,450. Katswiri wa masamu mukamupatsa nambala yotere sayamba ndi kufunsa za anthuwo. Amayamba ndi kuiphwanya kuti aone zimene zaimanga. Iyi ikaphwanyidwa mpaka pamene singaphwanyikenso imatsala 2 × 3 × 5 × 5 × 7 × 409, ndipo zina zonse zimachokera pomwepo. Imagawika ndi 2, ndi 3, ndi 5 ndiponso ndi 7 popanda chotsala. Nambala zonse zimene zimaigawa ndendende zilipo 48, ndipo mukaziwonkhetsa, kupatula iyo mwini, mumapeza 790,710, kuposa nambalayo, zomwe zimaiika m'gulu limene Agiriki akale ankati ndi la nambala zosefukira. Anthu onse a m'bomali akanatha kuima m'magulu 409 a anthu 1,050 popanda wosowa gulu. Komatu mwana mmodzi yekha wobadwira pa chipatala cha Holy Family kalemberayo atangotsekedwa anali wokwanira kugumula zonsezi, pakuti 429,451 sigawika ndi 2, ndi 3, ndi 5, ngakhale ndi 7. Makhalidwe a nambala ya kalembera amangochitika mwangozi, ndipo sauza munthu kanthu za Migowi kapena Chiringa. Funso loyenera wolemba mbiri ndi lina. Zinatheka bwanji kuti dera lino lizidziwika ndi nambala yaitali chonchi, ndipo n'chifukwa chiyani mlimi wa nandolo wa kwa Nazombe, amene ndi mmodzi mwa owerengedwawo, akafuna kuitchula amaitchula m'Chingerezi? Umboni wa zaka zoposa zana ukuloza kumodzi: kawerengedwe ka anthu kamatsata mwini kaundula. Ubwino wa nambala pa masamu ndi mphamvu ya chilankhulo zinalibe mawu enieni pa mlanduwu.

Kaundula asanabwere anthu ankawerenga, ndipo ankawerenga mwadongosolo. Amang'anja amene ankakhala m'chigwa cha Phalombe ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, Ayao amene anakhazikika m'mphepete mwa mapiri chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndi Alomwe amene anadzachuluka pambuyo pake, onse amamanga nambala zawo mofanana. Pali mawu asanu oyambirira, kenako zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi zinayi, kenako khumi, kenako makumi. Dzanja limodzi likatha mumawolokera ku linzake, manja onse akatha mumasunga khumi limodzi n'kuyambiranso. Zilankhulo zitatu zosiyana kugwirizana chonchi ndi chizindikiro chakuti dongosololi ndi lakale ndipo linkakwanira ntchito zake. Ntchitozo zinali zooneka ndi maso. Masiku otsala kuti mlandu ukambidwe kapena ulendo uyambike ankamangidwa mfundo pa chingwe, m'mawa uliwonse n'kumasulapo imodzi. Nsalu inkayezedwa ndi mikwamba, mapira ndi madengu, mchere ndi mitolo. Mwini mbuzi sankafunikira chiwerengero kuti adziwe kuti ina yasowa, poti iliyonse ankaidziwa maanga ake. Mfumu inkadziwa anthu ake ndi mayina ndi mbumba zawo. Nambala yopitirira mazana angapo inalibe ntchito m'mudzi wotere, ndipo chinthu chopanda ntchito sichikhala pakamwa. Ngakhale maulendo a minyanga ndi akapolo amene ankadutsa pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi kupita ku Quelimane sanasinthe zambiri, chifukwa mabuku a malondawo ankasungidwa kugombe, m'zilankhulo za ogula.

Ena amati vuto ndi lomwelo: chilankhulo chimene chinakulira m'mudzi sichingasenze nambala zikuluzikulu, n'chifukwa chake Chingerezi chinalowa. Mawu amenewa amagwa msanga mukatsegula Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri yotsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Buku la Numeri ndi kalembera weniweni, fuko ndi fuko, ndipo chiwerengero chake choyamba cha amuna otha kupita kunkhondo ndi 603,550, kuposa anthu onse a ku Phalombe a mu 2018. Omasulira anazilemba nambala zimenezi m'mawu, ndi makumi, mazana ndi zikwi, ndipo alaliki akhala akuziwerenga mokweza m'matchalitchi kwa zaka zana osapunthwa kwenikweni. Chimodzimodzi 144,000 wa m'buku la Chivumbulutso. Dongosolo lililonse lokhala ndi khumi, zana ndi chikwi, lomwe limalola kuchulukitsa ndi kuphatikiza, lilibe malire. Nambala ya kalembera wa Phalombe ija imatchulika bwinobwino: zikwi mazana anayi ndi makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, kudza mazana anayi ndi makumi asanu. Ndi yaitali, inde, ndipo za utaliwo tidzazionanso, koma palibe chimene chasowa. Kumene chilankhulo chinapatsidwa buku chinasenza katunduyo. Kungoti buku limene chinapatsidwa linali la Mulungu, pamene la ndalama linakhala m'manja ena.

Buku la ndalamalo linafika ndi msonkho. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891, linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 pa mpata uja pofuna kutseka njira ya akapolo. Njirayo inatsekekadi, koma boma limene linaitseka linkafuna ndalama zodziyendetsera, ndipo linazifuna kwa eni dziko. Msonkho wa nyumba unakhazikika pa masheleni atatu pachaka, ndalama yofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu wa munthu wogwira ntchito kwa mzungu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linawonjezera msampha: amene sanagwire ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira kawiri. Kuyambira pamenepo mudzi uliwonse unasanduka mzere m'kaundula, nyumba zakuti, olipira akuti, othawa akuti. Mizere ya midzi inkaphatikizidwa kukhala ya boma, ya maboma kukhala ya dziko, ndipo umu ndi m'mene nambala za zikwizikwi zinayambira kunena za anthu a kuno. Wozilemba anali kalaliki wophunzitsidwa kumishoni, woziwerenga anali bwana wa ku boma, ndipo chilankhulo cha pakati pawo chinali Chingerezi. Mwini nyumba chake chinali kachiphaso kokhala ndi zizindikiro zimene sankatha kuziwerenga koma ankadziwa mphamvu yake, pakuti wopanda kachiphasoko ankatha kutenthedwa nyumba kapena mkazi wake kugwidwa mpaka ndalama itapezeka. Munthu amene wakumana ndi nambala yolembedwa koyamba m'njira imeneyi saiona ngati chida chake. Amaphunzira kuitchula m'mene mwini wake amaitchulira, chifukwa kulakwitsa katchulidwe pamaso pa mesenjala kulibe phindu.

Pa maesiteti nkhaniyi inaoneka poyera kwambiri. Alomwe amene anayamba kuwoloka mwaunyinji cha m'ma 1899, pothawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ambiri anapeza malo okhala pa minda ya azungu, ndipo mtengo wake unali thangata. Kampani ya A. L. Bruce, imene inali ndi esiteti yaikulu ya Magomero komanso ina ku Likulezi, kufupi ndi phiri la Mulanje, ndiyo inatchuka ndi nkhanza zake. Pakamwa pangano linali losavuta: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho. Koma mwezi wa pa esiteti sunkayezedwa ndi kuoneka kwa mwezi kumwamba. Unkayezedwa ndi tikiti, ndipo kapitawo ankachonga tsiku pokhapokha ndime ya tsikulo yatha. Ndime ikakula dala, munthu ankalima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka koma tsikulo osalowa m'tikiti. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa pambuyo pa kuwukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915 linamva umboni wa m'mene miyezi ya thangata ku Magomero inkatalikitsidwira ndi m'mene malipiro ankabedwera. Wogwira ntchito akanatha kumanga mfundo zake pa chingwe tsiku ndi tsiku, ndipo chingwe chakecho chikananena zoona kuposa tikiti. Koma chingwe sichinali umboni kwa aliyense. Nambala yoona inali imene ili papepala, ndipo cholembera chinali ndi kapitawo.

Makalembera a atsamunda anamangidwa pa maziko omwewa. Wa mu 1911 ananena kuti mu Nyasaland munali anthu akuda 969,183. Nambala yothera ndi 183 imaoneka ngati ya munthu amene anayenda khomo ndi khomo, koma palibe anayenda. Chiwerengerocho chinachokera m'mabuku a msonkho: nyumba zolembedwa zinachulukitsidwa ndi chiwerengero chongoyerekeza cha anthu a m'nyumba imodzi. Aliyense amene anazemba msonkho anazembanso kalembera, ndipo m'dera la m'malire ngati Phalombe, kumene munthu ankatha kugona tsidya lina nyengo ya msonkho n'kubwerera itatha, ozemba sanali ochepa. Makalembera otsatira, a 1921, 1926 ndi 1931, nawonso sanawerenge munthu mmodzimmodzi. Komabe nambala zawo zinagwira ntchito yeniyeni. Ndi zomwezo zimene zinaonetsa Alomwe akukwera kuchoka pa opitirira pang'ono 100,000 mu 1921 kufika pafupifupi 380,000 mu 1945, ndipo boma ndi eni maesiteti ankakangana za malo ndi antchito ataziika patebulo. Kalembera woyamba wa dziko lodzilamulira, mu 1966, anapeza anthu 4,039,583, ndipo Phalombe inadzaoneka payokha m'mabuku amenewa itachoka pansi pa Mulanje mu 1998, ndi anthu 231,990. Kawerengedwe kanapita patsogolo kwambiri, ndipo sibwino kuyerekeza ntchito ya National Statistical Office ya ku Zomba ndi zongopeka za mu 1911. Chimene sichinasinthe n'chakuti nambala yaikulu imabadwira ku ofesi n'kubwerera kumudzi itavala kale Chingerezi.

Pali mtundu wina wa nambala umene makhalidwe ake sachitika mwangozi, ndiwo nambala zochita kusankhidwa kuti zikhale muyezo. Apa masamu ali ndi mawu, ndipo mbiri ya ndalama ndi imene imatilola kuyesa ngati mawuwo anamveka. Paundi imene inabwera ndi atsamunda inali ya masheleni 20, sheleni ya makobiri 12, kutanthauza makobiri 240 pa paundi. Dongosololi ndi lakale kuposa ufumu wa Britain, pakuti linachokera kwa mfumu Charlemagne, amene cha m'ma 790 analamula kuti paundi imodzi ya siliva izisulidwa tindalama 240. Nambala 240 ndi yapadera. Imagawika ndi 1, 2, 3, 4, 5, 6, 8, 10, 12, 15, 16, 20, 24, 30, 40, 48, 60, 80, 120 ndi 240, zogawira 20, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi zogawira zambiri chonchi. Nambala za khalidwe lotere, monga 12, 24, 60, 120, 240 ndi 360, katswiri wa ku India Srinivasa Ramanujan anazilembera pepala lalitali mu 1915, chaka chomwe Chilembwe anawukira. Anthu akale anazizindikira kalekale popanda pepala. Ababulo anasankha 60, amene tikumugwiritsabe ntchito pa mphindi za ola. Plato, polingalira za mzinda wabwino, anati mabanja ake akhale 5,040, chifukwa nambalayi imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 10, choncho misonkho, minda ndi magulu a nkhondo zikhoza kugawidwa popanda mkangano. Poyerekeza ndi zimenezi, 100 ndi wosauka. Zogawira zake ndi 9 zokha, ndipo 3 palibepo.

Kunena zoona, mlimi wa ku Phalombe paundi sankaiona kawirikawiri. Pa malipiro a masheleni atatu pamwezi, paundi inali thukuta la miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Nambala imene inkagwira ntchito pamsika inali 12, makobiri a mu sheleni, koma ubwino wake ndi womwewo. Amayi atatu amene asonkherana kugula dengu la matemba a ku Chilwa n'kupindula sheleni imodzi ankagawana makobiri anayi aliyense, nkhani n'kutha. Akakhala anayi, aliyense ankatenga tiki, kandalama ka makobiri atatu. Akakhala asanu ndi mmodzi, makobiri awiriawiri. Theka la sheleni linali ndi ndalama yakeyake, sikisipensi, ndipo hafukoloni, ya masheleni awiri ndi theka, inali gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a paundi. Kobiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linali loboola pakati, ndipo anthu ankatunga makobiriwo pa chingwe, kotero kuti kuwerenga khumi ndi awiri kunali ntchito ya zala, yosafuna pensulo. Masamu a m'mudzi ambiri ndi ogawana: nyama ya mbuzi pa miyulu, zokolola pakati pa abale, malipiro a ganyu pakati pa amene analima ndime imodzi. Pa ntchito zimenezi 12 amaposa 10 kutalitali. Amene ankavutika ndi dongosololi anali kalaliki ndi mwana wasukulu, amene pophatikiza mzere wautali wa ndalama ankayenera kunyamula pa 12 m'danga limodzi, pa 20 m'danga lachiwiri, ndi pa 10 m'danga lachitatu.

Mlandu wa pakati pa msika ndi kalaliki unagamulidwa pa 15 February 1971, tsiku lomwelo limene Britain inasiya masheleni ake. Malawi inayamba kugwiritsa ntchito kwacha ya matambala 100, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. South Africa inali itasintha kale mu 1961, Zambia mu 1968, Rhodesia mu 1970, ndipo tsidya la Mozambique ndalama ya escudo inali ya magawo 100 kuyambira kale. Sheleni inasanduka matambala 10, sikisipensi matambala 5, koma tiki inagwera pa matambala awiri ndi theka, ndalama imene kunalibe, ndipo kobiri silinafanane ndi tambala. Amayi atatu aja tsopano ankatenga matambala atatu aliyense n'kutsala ndi imodzi yoyang'anizana. Palibe chifukwa cholirira masheleni. Kusinthako kunali koyenera kwa dziko limene mabanki, makina owerengera ndalama ndi anzake a malonda onse ankapita ku khumi, ndipo ana asukulu anapumula ku masamu otopetsa. Mfundo ndi yakuti nambala yoposa inzake pa kugawika inagonja kwa yoposa inzake pa kulembeka. Pamene zofuna za buku ndi zofuna za mulu wa pamsika zinasemphana, buku linapambana popanda ngakhale kufunsa.

Umboni wamphamvu koposa uli pa zimene sizinachitike pambuyo pa 1971. Ndalama yatsopanoyi inali yogwirizana ndendende ndi kamangidwe ka nambala za Chichewa. Masheleni ankavuta kuwatchula m'chilankhulo chowerenga ndi makumi, koma tsopano sheleni inali khumi, kwacha inali zana, ndipo ndalama zachitsulo za 5, 10 ndi 20 zinali dzanja limodzi, manja awiri, ndi makumi awiri. Zaka zitatu m'mbuyomo, mu 1968, Chichewa chinali chitalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, chomveka pa wailesi ndi m'sukulu zonse. Kukanakhala kuti anthu amasankha mawu owerengera potsata kuyenerana kwake ndi ntchito, imeneyi inali nthawi yoti khumi ndi zana zibwerere pamsika. Sizinabwerere. Mitengo inapitiriza kutchulidwa m'Chingerezi chopindidwa lilime, teni tambala, fifite tambala, faifi kwacha, ngakhale ndi agogo amene sanapondeko m'kalasi. Sukulu nayo inatsata msika. M'zaka zimene masamu a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzitsidwa m'Chichewa, mawu ambiri a masamu anangotengedwa ku Chingerezi n'kulembedwa Chichewa, njira imene Mercy Kazima wa ku University of Malawi anaiyerekeza ndi ya Tanzania, kumene anasula mawu awoawo a Chiswahili. Kusiyana kwa mayiko awiriwa sikuli m'zilankhulo. Tanzania inapereka kwa Chiswahili kaundula wa boma, khoti laling'ono, fomu ya ku ofesi ndi sukulu yonse ya pulayimale. Malawi inapatsa Chichewa wailesi ndi nyimbo, koma lisiti, cheke, bajeti ndi mayeso zinakhalabe m'Chingerezi, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chiziyambira mu Sitandade 1.

Wotsutsa wanzeru anganene kuti zonsezi zikuzemba chinthu chimodzi choonekeratu: nambala za Chichewa ndi zazitali, ndipo pamsika munthu amafuna kufulumira. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo choonadicho n'chachikulu kuposa m'mene okonda chilankhulo amavomerezera. Kutchula 99 kumafuna makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi zinayi. Choipa kwambiri n'chakuti pali malo osokoneza. Munthu akati kunabwera anthu makumi asanu ndi awiri, womvera sangadziwe ngati akunena 70 kapena 52 pokhapokha wolankhulayo asamale kuikapo mphambu kapena kudza. Pa ndalama chisokonezo chotere ndi mlandu. Koma utali ndi chisokonezo ndi matenda amene zilankhulo zina zinadwalanso n'kuchira, chifukwa zinakakamizidwa kugwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Mfalansa mpaka lero amatchula 99 ngati makumi awiri kanayi, kuphatikiza khumi, kuphatikiza zisanu ndi zinayi, ndipo mabanki a ku Paris sanagwe nazo. Chiswahili chinafupikitsa kawerengedwe kake pobwereka kwa Aarabu mawu a 6, 7 ndi 9 komanso a makumi, n'kuwasandutsa ake. Mawu ogwiritsidwa ntchito kambirimbiri amaperepeseka okha n'kufupika, monga mpini umasalalira m'manja mwa mwini khasu. Nambala za Chichewa zopitirira zisanu zinachotsedwa pa ntchito ya ndalama zisanapeze mpata umenewo, ndipo utali umene tikuuona lero ndi zotsatira za kuchotsedwako, kuwonjezera pa kukhala chimodzi mwa zifukwa zake.

Wotsutsa wina anganene kuti nkhaniyi ikuwaonetsa anthu ngati ongozunzidwa ndi kaundula, pamene lero amachita kuthamangira kulembedwa. N'zoona, ndipo kutembenuka kumeneku ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu m'mbiri ya dera lino. Agogo ankathawira m'phiri kalaliki wa msonkho akafika, adzukulu amakwiya dzina lawo likasowa pa mndandanda. Napolo wa mu Malichi 1991 atatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, thandizo linkatsata maina olembedwa. Makuponi a feteleza otsika mtengo atayamba mu 2005, chiwerengero cha mabanja a m'mudzi chinasanduka chuma, ndipo mafumu anaphunzira msanga kuti mudzi ukagawika pawiri mizere m'kaundula imachuluka. Mtukula Pakhomo, chiphaso cha unzika chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, ndi chimanga chimene chinapita kwa Nkhulambe namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, zonse zimayenda ndi nambala. Komatu izi sizikugwetsa mfundo yathu, zikuilimbitsa. Kale nambala inkatenga, lero imapatsa, koma kaundula akadali m'manja mwa boma ndi mabungwe, ndipo amalembedwa m'chilankhulo chawo. Munthu amene chakudya cha ana ake chikudalira kuti atchule molondola chaka chobadwa, nambala ya foni ndi chiwerengero cha a m'banja lake ali ndi chifukwa chokulirapo chozitchulira m'mene wolembayo akufunira.

Tisathamangire kunena kuti kuphwanya nambala zikuluzikulu ndi masewera a anthu okhuta. Kuyambira mu 1977, pamene Rivest, Shamir ndi Adleman anaonetsa njira yobisira uthenga podalira kuvuta kwa kuphwanya nambala yopangidwa pochulukitsa nambala ziwiri zikuluzikulu zosagawika, chitetezo cha mabanki ndi cha malonda a pa intaneti chakhala chikutsamira pa masamu a mtundu umenewu. Wogulitsa mpendadzuwa pa Migowi amene amalandira ndalama pa foni ali kumapeto kwa unyolo womwewo, ngakhale nambala zake za manambala mazanamazana sadzaziona. Zimene amaziona ndi za pa ndalama ya pepala, ndipo zakhala zikukula m'manja mwake: K500 mu 2001, K1,000 mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022, kenako kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la feteleza limene kale linkatchulidwa ndi makwacha owerengeka pa zala tsopano limatchulidwa ndi zikwi zambirimbiri, ndipo mawu akuti miliyoni analowa m'nkhani za mtengo wa njinga yamoto ndi malata a nyumba. Tambala, imene inali chifukwa chonse cha kusintha kwa mu 1971, inatsala m'mabuku a banki okha. Pamsika kandalama kochepetsetsa kamene wogulitsa tomato amalandira mosanyinyirika ndi ka pepala, choncho K1,000 imagawika m'zidutswa zochepa chabe, ndipo anthu atatu sangaigawane mofanana. Mozambique inadula maziro atatu pa ndalama yake mu 2006, Zambia inachita chimodzimodzi mu 2013, pamene Zimbabwe inafika posindikiza pepala la 100 thililiyoni mu 2009 isanaisiye ndalama yakeyo. Ngati kwacha idzadulidwe maziro, kukula kwa nambala zimene mlimi wa ku Phalombe amatchula tsiku ndi tsiku kudzasintha usiku umodzi, ndipo chigamulocho chidzachokera ku Reserve Bank ku Lilongwe.